Gudumu Linayankha Pakati

Ku Zomba kuno sitima siidutsa.
Mlendo akafunsa pa depoti kuti siteshoni ili kuti
anyamata a kabaza amangoseka.
Koma bambo anga, a Namakhwa,
amadzukabe folo koloko m'mawa kuno ku Sadzi
ngati kuti mabogi a miyala ya ku Changalume
akuwadikira panja, atanyowa ndi mame.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ankayenda m'mbali mwa sitima ndi nyundo ya mpini wautali,
gudumu lililonse kuligogoda kamodzi.
Labwino linkati ngweee, n'kukoka mawu
ngati belu la tchalitchi Lamulungu.
Long'aluka linkangoti pho,
ngati munthu woyankha moni ali ndi maliro mumtima.

Nyundo ija ili kuseri kwa chitseko.
Pamsika amagogodabe zinthu ndi mfundo ya chala:
mbiya, limu ya njinga, ndowa, ngakhale chivwende.
Ogulitsa akawaona akubwera amabisa zong'aluka.

Ine ndimagwira ntchito yomweyo popanda nyundo.
Uko ku njanji yodutsa malasha
tinamangirira timasensa kunsi kwa chitsulo,
tating'ono ngati bokosi la machesi.
Sitima ikamadutsa timamva phazi la gudumu lililonse,
kugunda kwake, kutentha kwake,
n'kutumiza pa kompyuta yanga mizere yokwera ndi kutsika.
Sitiodzera timeneti. Sitidwala malungo.

Loweruka ndinabwera ndi kulira kwa gudumu lina mu foni.
Khutu lawo lakumanzere linafa kalekale,
ndiye foniyo anaikanikiza pa nsagwada, n'kutsinzina.
Gu. Gu. Gu. Gu.
"Ili silinang'aluke," anatero. "Ladyeka mbali imodzi.
Dalaivala anamanga mabuleki mwaukali potsetsereka,
gudumu n'kukhwekhwereza pa njanji."
Kompyuta inanena zomwezo Lachitatu,
kungoti za dalaivala sinatchuleko.

Ndinaseka. Iwo ayi.
"Felesiya, kamakina kakoko kakakayika kamatani?"
Ndinati sikakayika, bambo,
kamangolemba nambala n'kuyatsa getsi lofiira.

Anakhala phee, maso ali ku phiri
kumene nkhungu inali itameza mitengo ya paini.

"Chaka china, Febuluwale, mvula ikuchita kukhuthuka,
gudumu lina linandiyankha pakati.
Osati ngweee, osati pho.
Che Ndembo anali ataliza kale hutala kawiri.
Ndinali nditanyowa mpaka m'kati, m'mimba mulibe kanthu.
Ndikanagogodanso.
Ndinakweza dzanja kuti pitani."

Ndinadikira kuti anene za mabogi ogubuduzika,
za miyala yomwazika m'munda mwa eni ake.

"Silinasweke. Sitima inakafika.
Koma usiku umenewo ndinachezera pa mpando, nsapato kuphazi,
ndipo mpaka lero folo koloko ikakwana
ndimalimva likubwera."

Kenako chifuwa chija chinawagwira,
cha fumbi loyera la zaka zonsezo,
anapindika, dzanja lili pa mphuthu ya chitseko.
Ine wodziwa gudumu lodwala ndili mu ofesi, tiyi m'manja,
ndinalibe waya, ndinalibe getsi lofiira.
Ndinagunditsa khutu pamsana pawo
pamene malaya anayamba kuperepeseka.

"Choka apa iwe, ndikulira bwino ine,"
anatero, n'kudzigogoda pachifuwa ndi mfundo ya chala
kamodzi, monga mwa ntchito.

Ndinamvetsera.
Osati ngweee.
Osati pho.

Dzanja langa sindinakweze.
Abwana ndawaimbira kale kuti Lolemba sindibwera,
buku lawo la kuchipatala lili m'chikwama changa,
ndipo wa kabaza, mwana wa a Likwata,
akuti afika sikisi isanakwane,
mzere wa ku Sentolo usanatalike.